Bismuth yayankha, ZnO idakali phee

Ndimapanikiza zinthu mwamphamvu kwambiri ndi jeke kuti ndione mmene makristalo ake amasinthira, ndipo Loweruka usiku mita yoyezera magetsi inandisonyeza chimene ndakhala ndikuchisaka kwa miyezi iwiri. Kachidutswa ka chitsulo cha bismuth kali pakati pa ma anvil (zopanikizira ziwiri zolimba za tungsten carbide), ine ndikupopa jeke pang'onopang'ono, resistance (kukana kudutsitsa magetsi) ikukwera mwa apo ndi apo monga imachitira. Geji itafika matani 6, manambala anangotsika kamodzi n'kamodzi. Nditapopanso pang'ono anadumphira m'mwamba. Ndiwo masinthidwe awiri odziwika a kristalo ya bismuth, la pa 2.55 GPa (GPa ndi muyeso wa puresha) ndi linzake la cha pa 2.7 GPa, ooneka bwinobwino, amene amandiuza puresha yeniyeni imene ndafika. Ndinabwereza katatu ndi zidutswa zatsopano, ndipo katatu konse zinachitikira pamalo omwewo.

Koma chisangalalocho chabwera ndi nkhani yowawa. Nkhope za ma anvil anga ndi mamilimita 4, ndiye pa pepala 2.55 GPa imafuna matani 3.3 okha. Ine ndinafunika 6. Pafupifupi theka la mphamvu likuthera mu gasiketi ya pyrophyllite, mwala wofewa wozungulira sampulo, osafika pa sampuloyo.

Apa ndi pomwe ndamvetsa bwino zimene zinandichitikira ndi ufa wa ZnO (zinc oxide) masabata atatu apitawo. Cha pa 9 GPa kristalo ya ZnO imachoka pa kapangidwe kotchedwa wurtzite n'kusanduka kotchedwa rocksalt: atomu ya zinki imene inali ndi maokosijeni anayi oizungulira imakhala ndi asanu ndi imodzi, ndipo kristaloyo imachepa pafupifupi ndi 17 peresenti. Tsiku limenelo, pa matani 11, resistance inachoka ku mamegaohm (mamiliyoni a ma ohm) n'kugwera pa ma ohm atatu. Pa pepala matani 11 ndi 8.6 GPa. Mtima unagunda, ndinkati ndapeza.

M'mawa mwake chikayiko chinandigwira. ZnO ya rocksalt si chitsulo, imakhalabe semikondakita yodutsitsa magetsi pang'ono chabe, ndiye ma ohm atatu achokera kuti? Ndinayamba ndi kuganizira chinyezi, n'kuumitsa ufawo usiku wonse. Zomwezo. Ndinasintha mita, ndinasula gasiketi ina yokhuthalirapo, ndinaperanso ufa mpaka mkono kuwawa. Kugwa kuja kunkabwerabe, koma lero pa matani 9, mawa pa 12, ndipo kusakhazikika kumeneku n'kumene kunandisowetsa tulo. Kristalo siisintha maganizo tsiku ndi tsiku.

Tsiku lachisanu ndinachotsa anvil yam'mwamba n'kuiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu pansi pa nyali. Pamphepete pa nkhope yake panali kamzere kofiirira konyezimira, kopyapyala ngati tsitsi. Kopa wa waya woyezera. Pyrophyllite ikamafinyika imathawira kunja, waya n'kutsala pamtunda, n'kukhudza carbide ya anvil. Ndipo tungsten carbide yomangidwa ndi cobalt imadutsitsa magetsi bwino kwambiri. Masiku onsewo ndinkayeza anvil, osati ZnO. Bismuth yangotsindika mfundoyi: matani 11 aja mwina sanafikitse n'komwe 5 GPa.

Panopa ndayala timapepala ta mica, mwala wosadutsitsa magetsi, pansi ndi pamwamba pa mawaya, ndasamukira ku njira yoyezera resistance ndi mawaya anayi, ndipo mita yachiwiri imakhala ikuyang'anira pakati pa waya ndi anvil nthawi yonse imene ndikupopa. Ikangolira, ndimaleka.  

Zinandikumbutsa chaka chatha, pamene ndinkapanikiza ufa wa mwala wa magnetite mu dayi (chikombole chopanikizira ufa) ya mamilimita 13. Matani 10 pamenepo ndi 0.74 GPa basi, koma resistance inkatsika kwambiri. Sikuti kristalo inkasintha ayi, timibulu ta ufawo tinkangogundana bwino. Ndi ufa vuto limeneli silichoka, n'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri kudumpha kwadzidzidzi kobwerezabwereza kusiyana ndi kutsika kwapang'onopang'ono.

ZnO ndayamba ndaiika pambali. Ngati gasiketi ipitiriza kudya mphamvu chonchi, 9 GPa ifuna matani oposa 20, jeke yanga imathera pomwepo, ndipo carbide ikasweka imauluka ngati zipolopolo, ngakhale kuli chotchinga cha polycarbonate. Maso anga ali pa V2O3 (vanadium oxide). Ikazizira kupitirira cha pa 150 K (pafupifupi -123 °C) imasiya kudutsitsa magetsi, koma puresha ya pakati pa 2 ndi 3 GPa imathetsa khalidwe limenelo, imakhalabe ngati chitsulo mpaka kuzizira kwenikweni. Apo ndi pomwe bismuth yanditsimikizira kuti ndimafika. Chatsala n'kupeza njira yomiza zonsezi mu nayitrojeni wamadzi popanda kusokoneza jeke. Ndipo hematite, mwala wa ayironi, imene amati imasanduka ngati chitsulo cha pa 50 GPa sinachoke m'mutu mwanga. Imeneyo ifuna madayamondi awiri m'malo mwa ma anvil a carbide, kachidutswa ka ruby koyezera puresha ndi laser, ndipo ndayamba kale kujambula chigoba chake m'kope.