Tulo ndi shuga: zomwe ndikuphunzira temu ino

Zoyambitsa matenda a shuga a mtundu wachiwiri, ife ophunzira unamwino kuno ku Mzuzu timaziloweza ngati nyimbo: kunenepa kwambiri, kusalimbitsa thupi, kumtundu, msinkhu. Tulo sitimveka kawirikawiri pamndandandawu, koma zomwe ndawerenga temu ino zandichititsa kuona kuti tiyenera kukhalapo.

Mu 1999, gulu la Eve Van Cauter pa yunivesite ya Chicago linatenga anyamata 11 athanzi n'kumawagoneka maola 4 okha kwa masiku 6. Atawayeza, matupi awo ankachedwa kuchotsa shuga m'magazi ndi pafupifupi 40 peresenti poyerekeza ndi pamene anagona mokwanira. Anyamata a nyonga, sabata isanathe n'komwe! Mu 2008 akatswiri a komweko anayesa njira ina. Maola ogona sanawachepetse, koma ankaliza timaphokoso tosokoneza tulo tofa nato popanda kumudzutsa munthu. Patatha masiku 3, mphamvu ya insulini, homoni yothandiza shuga kuchoka m'magazi kulowa m'minofu, inatsika ndi pafupifupi 25 peresenti. Ndiye kuti munthu angathe kukhala pabedi usiku wonse, thupi lake osapindula.

Chomwe chimachitika n'chakuti kapamba amatulutsabe insulini, koma minofu imayamba kuinyalanyaza, shuga n'kumangozungulira m'magazi. Homoni ya cortisol, yokweza shuga m'magazi, yomwe imayenera kutsika dzuwa likalowa, imakhalabe yokwera. Kulinso nkhani ya njala: leptin, wouza ubongo kuti takhuta, amachepa, pomwe ghrelin, wodzutsa njala, amachuluka. Aliyense amene anachezerapo usiku akuwerengera mayeso m'kuzizira kwa Juni ku Luwinga akudziwa kuti 2 koloko ikakwana mtima sufuna mpiru ayi. Umafuna mandasi ndi tiyi wa shuga wambiri.

Kafukufuku wa anthu ochuluka amasonyeza kuti chiopsezo chimakhala chochepa mwa ogona maola 7 kapena 8, ndipo chimakwera mwa ogona pang'ono komanso mwa ogonereza. Za ogonerezawo ndimazitenga mosamala, chifukwa mwina ndi matenda ena amene akuwagoneka choncho. Ndiponso nkhaniyi imayenda mbali ziwiri: shuga akakwera munthu amakodza pafupipafupi usiku, tulo n'kusokonekera.

Chandikhudza kwambiri ndi ntchito za usiku. Kafukufuku wamkulu wa anamwino ku America anapeza kuti ogwira naiti mosinthanasinthana kwa zaka zambiri amadwala shuga kuposa anzawo. Nkhani imeneyi ndi yathu ife, komanso ya alonda, ophika buledi ndi madalaivala a mabasi ochoka ku Mzuzu madzulo kukafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre m'bandakucha. Kuwauza anthu otere kuti “muzigona maola 8” ndi chipongwe, pakuti usikuwo ndi umene umawadyetsa. Chothandiza n'kuwayeza shuga msanga, osadikira ludzu losatha ndi kuonda.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009, woona za matenda osapatsirana m'dziko muno, anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Ku kiliniki timawafunsa za nsima, mafuta ndi mowa. Sabata yamawa ndikapita ku wodi ndikawonjezera mafunso awiri: “Bambo, mumagona maola angati? Nanga akunyumba amati mumaliza mkonono mpaka kubanika?” Lachiwirilo n'lofunika chifukwa vuto lobanika m'tulo limapezeka kwambiri mwa odwala shuga, ndipo mwini wake ndiye amakhala womaliza kudziwa.