Maganizo a owonera pa sewero la Foyle's War

Anthu amene anaonera sewero la pa wailesi ya kanema la Foyle's War, lomwe linayamba kuonetsedwa pa ITV, wailesi ya kanema ya ku Britain, mu 2002, amasiyana maganizo kwambiri pa kayendedwe kake. Ena amati limayenda pang'onopang'ono mopyola muyeso, ndipo amadandaula kuti wapolisi wofufuza milandu, Christopher Foyle, sathamangitsa zigawenga kapena kukweza mawu. Ine ndili m'gulu la amene amaona kuti kufatsa kumeneku ndiye mphamvu ya sewero lonse, chifukwa Michael Kitchen, yemwe amasewera ngati Foyle, amatha kuonetsa mkwiyo ndi chisoni pongokhala chete kwa kanthawi.

Nkhani zake zimachitikira m'tauni ya Hastings ku England pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mlembi wake, Anthony Horowitz, sanabise zoti pamene asilikali ankafa kunkhondo, kumudzi kunali anthu ochita katangale ndi mafuta a galimoto komanso chakudya chimene boma linkagawa moyeza. Nthawi zina akuluakulu amateteza munthu wakupha mnzake ponena kuti ndi wofunika pa nkhondo, koma Foyle savomereza zimenezo.

ITV italiimitsa mu 2007, owonera ambiri anadandaula ndipo linabwereranso. Magawo omaliza, amene anatha mu 2015, anapititsa Foyle ku London kukagwira ntchito ndi MI5, bungwe la ukazitape la dziko la Britain. Ena anawakonda, koma ine ndimaona kuti kuchoka kwa Paul Milner, wapolisi yemwe ankathandiza Foyle, kunasiya mpata umene nkhani za ukazitape sizinathe kuutseka.