Lachitatu: kuchokera ku Zürich mpaka ku Milan, alamu ali pawindo

Alamu agona kale, nsapato ina ikadali kuphazi. Ine tulo tandithawa. Ndikatseka maso bedi likumakhota ngati ndikadali m'bogi, ndiye ndati ndilembe za lero zisanasakanikirane ndi za mawa. Tili m'kachipinda kakang'ono pafupi ndi siteshoni yaikulu ya ku Milan. Sitima zonse zisanu ndi imodzi zomwe takwera zasunga nthawi, koma dongosolo langa lafa, ndipo amene alipha ndi awa akuliza mkononowa.

Tikuyenda ndi chiphaso cha sitima. Changa ndi cha Interrail, chomwe amagula anthu okhala ku Ulaya, ndipo ine ndimakhala ku Leicester, ku England. Cha alamu ndi cha Eurail, cha alendo ochokera kunja, poti iwo kwawo ndi ku Zomba, angobwera kudzationa. Mayina okha ndiwo akusiyana, zonse zimagwira m'mayiko 33. Tinagula cha masiku 7 oti tiwagwiritse ntchito mkati mwa mwezi umodzi. Tsiku amaliwerenga kuyambira pakati pa usiku kufika pakati pa usiku winawo, kaya wakwera sitima imodzi kaya khumi. Matenda anga agona pamenepo. Popeza ndinalipira, tsiku lililonse ndimafuna kulifinya ngati ndimu mpaka lisatsale ndi dontho. Pepala langa la lero linali ndi mizere 9, mzere uliwonse ndi nthawi yake.

Alamu ndi achemwali aakulu a bambo a kunyumba, ndipo aphunzitsa jogirafe ku sekondale mpaka kupuma. Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, anatengeratu asananyamuke kumudzi, ine yanga ndinakafolera mzere konkuno ku Ulaya, pakuti pasipoti yathu ndi yomwe ija. Chiphaso chawo chinatsika mtengo chifukwa adutsa zaka 60, ndipo akhala akundinyoza nazo kuyambira Lolemba. Nditawauza kuti Interrail inayamba mu 1972 ngati chiphaso cha achinyamata osapitirira zaka 21, anangoti, “Ndiye tachedwa pang'ono, alamu, koma tafika.”

M'mawa pa siteshoni ya Zürich ndinawataya kwa mphindi zingapo. Ndinawapeza ataima pansi pa wotchi, khosi lili m'mwamba. Mawotchi a m'masiteshoni a ku Switzerland ali ndi khalidwe lake: muvi wofiira wa masekondi umazungulira mofulumirako, ukafika pa 12 nkuima kaye pang'ono, kenako muvi wa mphindi nkudumpha, wofiirawo nkuyambanso. Wotchiyi anaikonza injiniya wina dzina lake Hans Hilfiker mu 1944, muvi wofiirawo nkudzauonjezera pambuyo pake, ndipo kuimako nkoti mawotchi onse a panjanji azigunda mphindi limodzi. Alamu anaonerera katatu. Ine ndinali nditagwira zikwama ziwiri, mtima uli phaphapha, ndikuona sitima yathu ikudzaza.

Kuchokera ku Zürich kufika ku Chur ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, m'mbali mwa nyanja ziwiri. Ndinazionera pakona ya diso basi, chifukwa ndinali kalikiliki ndi foni. Chiphaso chathu chilibe pepala, chili mu pulogalamu ya pafoni yotchedwa Rail Planner. Usanakwere umayenera kuika ulendowo m'menemo ndi kuuyatsa, ndiye pamatuluka tikiti ya tsikulo yoti kondakitala aunike. Yanga ndinayatsa. Ya alamu, yomwenso ili m'manja mwanga chifukwa iwo ati zimenezo ndi za ana, ndinaiwala. Kondakitala atafika ndinamuonetsa molimba mtima, iye nkupukusa mutu. Thukuta linatuluka m'bogi mozizira. Anandilozera poti ndidine, nkudikira osanena kanthu mpaka zinatheka. Atachoka, alamu anati, “Paja munati ine ndingokhala, zonse muyendetsa ndinu?” Ndinawapatsa dzira lowiritsa kuti pakamwa pakhale ndi ntchito.

Ku Chur ndi kumene ulendo weniweni unayambira. Tinasiya sitima yaikulu nkukwera kofiira ka kampani ya Rhaetian Railway. Njanji yake ndi yopapatiza, mita imodzi ndendende pakati pa zitsulo ziwiri. Alamu anandikumbutsa kuti yathu ya ku Limbe ndi yotakata pang'ono, mamilimita 1,067, ndiye tisamadziderere. Panjira imeneyi pamadutsa sitima yotchuka ya Bernina Express, ya mawindo aakulu ofika kudenga, koma kuti ukhale m'mabogi amenewo umalipira malo mwapadera ngakhale uli ndi chiphaso. Ife tinakwera wamba, zomwe amakwera eni dera popita kuntchito. Njanji ndi yomweyo, mapiri ndi omwewo, sulipira kanthu kena, ndipo bogi yathu inali ndi mawindo otsitsa. Pa zonse zomwe ndinakonza lero, ichi chokha ndi chomwe alamu anayamikira.

Tinakhala mbali ya kumanja, monga ndinawerengera. Tisanafike ku Filisur anthu onse anaimirira nthawi imodzi ngati alowa a hedimasitala. Sitima inakhota, ndipo kutsogolo tinaona mutu wake uli pamwamba pa mlatho wa miyala wa Landwasser, mamita 65 kuchokera pansi, mlathowo nkukathera m'khoma la thanthwe. Kulibe kamtunda kopumira. Mlatho ukutha, mphanga ikuyamba pomwepo, mdima bii. Alamu anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo titatuluka anandisiya nkuyamba kukonza duku ngati palibe chachitika.

Pakati pa Bergün ndi Preda ndinasokonezeka mutu. Sitimayo imayenera kukwera mamita oposa 400 pamtunda waufupi, ndiye anaizunguliza mkati mwa mapiri ngati chingwe chokulunga. Umalowa m'mphanga mtsinje uli kumanzere, potuluka uli kumanja, ndipo njanji yomwe wadutsa posachedwa ukuiona pansi pako. Anaimanga ndi manja anthu, njirayi nkutsegulidwa mu 1903. Pa njanji yomweyi, mu Okutobala 2022, anayendetsa sitima ya anthu yaitali kuposa zonse, ya mabogi 100, yotalika pafupifupi makilomita 2. Alamu anati akanakonda kuona kondakitala wake akuunika matikiti.

Tinasintha ku Samedan, tinasinthanso ku Pontresina. Nthawi yosinthira imakhala mphindi zochepa kwambiri, koma sitima inayo umaipeza ikukudikira. M'dera limeneli amalankhula Chiromanshi, chilankhulo cha anthu ochepa koma cholemekezedwa m'malamulo a dzikolo, ndipo moni wake ndi “Allegra”. Mayi wina wokalamba atakwera ndi dengu anatipatsa moni umenewo. Alamu anayankha kuti, “Tili bwino, kaya inu amayi,” ndipo onse awiri anaoneka okhutira.

Kenako mitengo inayamba kufupika, mpaka inatha. Ndi kumapeto kwa Meyi koma sinowo inali mbuu mbali zonse, ndipo nyanja ya Lago Bianco inali ikadali ndi zigamba za madzi oundana. Apa ndi pamene mphunzitsi anadzuka mwa alamu. Anandikokera kuwindo nkundilozera kanyanja kena kakuda kumbuyo kwathu, ndi iyi yoyererayi. Madzi a kakudako, anatero, amatsikira mu mtsinje wa Inn, nkulowa mu Danube, nkukathera ku Black Sea. A yoyerayi amatsikira kumwera, mu Adda, mu Po, mpaka ku Adriatic. Mvula imodzi, maulendo awiri. “Ndi zomwe zija za pa msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu,” anatero, “pomwe malire athu ndi Mozambique amatsata msana wa mapiri.” Anakhala chete pang'ono, kenako anati mawu oti Alps, dzina la mapiri amenewa, awalemba pabolodi kwa zaka zoposa 30, ndi choko chothyokathyoka, ana ena akuwodzera, ndipo chithunzi chomwe chinali m'buku la sukulu chinali chakuda ndi choyera, chofufutika pakati.

Siteshoni ya Ospizio Bernina ili pa mamita 2,253, pamwamba penipeni pa njirayi. Ndinayembekeza kuti alamu agoma. Iwo anawerenga chikwangwanicho nkunena kuti Sapitwa ndi 3,002. Koma anavomera kuti ku Sapitwa sikufika sitima, komanso kuti iyi yakwera chikwerechi ndi mawilo wamba, popanda njanji ya mano yoikoka.

Titaima pa Alp Grüm, ndinangoona alamu anyamula chikwama chawo cha m'manja.

“Tiyeni titsike.”

“Alamu, pano sipali papepala.”

“Kodi si inu munati ndi chiphasochi munthu amatsika pomwe wafuna, nkukwera ina?”

Ndinanenadi, ku Leicester, ndikuwanyengerera kuti abwere. Zitseko zinali pafupi kutsekeka. Ndinakoka masutikesi, ndipo tinapezeka tili papulatifomu, sitima yathu ikutsetsereka kumapita, pamodzi ndi ola lomwe ndinasungira tauni ya Varenna m'mbali mwa nyanja ya Como.

Ndinakwiya, ndisaname. Kwa mphindi khumi ndinali pafoni kufufuta maulendo ndi kuika ena, ndikuwerengera zomwe tataya. Alamu sanandilabadire. Anapeza benchi kuseri kwa nyumba ya siteshoni, anatulutsa fulasiki ya tiyi wa ku Thyolo yemwe anabwera naye, ndi mtedza wokazinga, nkukhala. Ku Alp Grüm sikufika galimoto za anthu wamba, umafikako pa sitima kapena wapansi. Sitima ikangochoka kumakhala zii. Kutsogolo kwathu kunali madzi oundana a phiri la Palü atapachikika pakati pa matanthwe, timitsinje tikutsika kuchokera m'menemo kukagwera m'kanyanja kobiriwira pansi. Kumanzere chigwa cha Poschiavo chinatseguka mpaka kutali, ndipo mapiri omwe amaoneka kumapeto kwake anali kale a ku Italy.

Sitima yotsatira inabwera patatha ola. Ndinaimirira. Alamu anathira tiyi wina. Ndinakhalanso.

Sitinakambe zambiri. Anandifunsa ngati achimwene awo akudya bwino, ndinati akunenepa. Anandifunsa za ntchito yanga ya usiku yosamalira okalamba, ndipo ndinapezeka ndikuwauza zinthu zomwe sindinauzepo munthu wa kumudzi, za m'mene ndimawerengera maola ngakhale tsiku lopuma, za m'mene ndimadyera chiimirire. Anamvetsera maso ali kuphiri. Pomaliza anangoti, “Imwani tiyi, akuzizira.” Tinalowa m'nyumba ya siteshoni, momwe muli malo odyera, kukagula supu mbale imodzi kuti tipeze chifukwa chogwiritsira ntchito chimbudzi. Mtengo wake m'mafaranga a ku Switzerland alamu anayamba kuutembenuza kupita ku makwacha, ndinawaletsa asanamalize.

Kutsika kwake ndi kwa liwiro la kamba, sitima ikukhotakhota ngati njoka, makutu akutsekeka ndi kutseguka. Zikwangwani zinasanduka za Chitaliyana tikadali mu Switzerland. Majuzi tinavula ku Poschiavo. Ku Brusio njanji imazungulira bwalo lathunthu pa mlatho wa miyala, poyera, nkudzadutsa pansi pa iyo yomwe, ndipo apa alamu anaseka mokweza mpaka mwana wa pampando wina anabwera kudzaona chomwe chachitika. Polowa mu Tirano sitimayo imayenda mumsewu ngati basi, kudutsa pabwalo la tchalitchi chachikulu cha Madonna di Tirano, magalimoto ataima kuidikira. Tirano ali pa mamita 429. Masana tinali mu sinowo, madzulo tikupukuta thukuta pakati pa minda ya mphesa. Malire tinawadutsa osadziwa, palibe anafunsa pasipoti, ndipo alamu anadandaula kuti viza yonse ija anaivutikira chabe.

Masiteshoni awiri, ya Switzerland ndi ya Italy, ali pabwalo limodzi. Tinali ndi nthawi yodya, ndiye tinaitanitsa chakudya cha m'chigwachi chotchedwa pizzoccheri, pasita wakuda wosakaniza ndi kabichi, mbatatesi, tchizi ndi batala wambiri. Ndi cholemera, chokhalitsa m'mimba. Alamu anati aka ndi koyamba chichokereni ku Chileka kudya chinthu chomwe chingapikisane ndi nsima, ngakhale sichingapambane.

Sitima ya ku Milan inali yodzaza ndi ana asukulu ndi anthu oweruka kuntchito, ndipo nayo sifuna kulipira malo. Maola awiri ndi theka. Nyanja ya Como inali kumanja, dzuwa likupendeka. Titaima pa Varenna ndinawalozera alamu kuti apa ndi pomwe tikanatsika. Anasuzumira, anati ndi pokongola, nkutsekanso maso.

Mawa tikwera Frecciarossa kupita ku Florence. Imeneyo ndi yothamanga, malo ndinalipiriratu, mipando ili ndi manambala, ndipo ikatisiya ndalamayo yapita. Ndawafotokozera alamu kawiri asanagone. Ayankha kuti amva, kenako afunsa ngati imaima ku Bologna. Matikiti onse awiri ndawaika kale mu foni, ndipo foniyo ili pa chaja.