Ndinagwera gulu la mapilisi

Tsiku limenelo ndinangopita ku sikelo ngati masiku onse, mimba ya miyezi isanu, ndi chizungulire chomwe ndinkangoti ndi dzuwa la ku Chinamwali. Atandibaya chala anesi anati magazi ndi ochepa, kenako anandifunsa ngati ndingakonde kumva za kafukufuku wina wa amayi oyembekezera.

Ankafuna kuona ngati ayironi wa dripi, wolandira kamodzi basi, angaposere mapilisi ofiira aja omwe timapatsidwa ku sikelo, amene ambirife timawasiya panjira chifukwa cha nseru ndi kudzimbidwa. Anandiwerengera fomu yonse m'Chichewa, masamba ambirimbiri, mpaka pomwe analemba kuti kafukufukuyu wavomerezedwa ndi COMREC, komiti younika kafukufuku ya ku College of Medicine yomwe pano ili pansi pa KUHeS, yunivesite ya zaumoyo. Mayi wina pambali panga samatha kulemba, anadinda chala pali mboni yake. Ine ndinati ndikayambe ndafunsa kunyumba, anati palibe vuto mayi, ngakhale mukane sikelo yanu ipitirira chimodzimodzi, ndipo mukalowa mutha kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa.

Kunyumba ndiye kunavuta. Apongozi anga atangomva zotenga magazi anati "iwe mwana, waiwala za anamapopa?" Sindikuwaseka ayi, 2017 ija ku Mulanje ndi Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera zomwezi, mantha ake sanathe. Ndiye ndinawatenga ulendo wachiwiri akaone okha. Anafunsa mafunso kuposa ine, magaziwo mupita nawo kuti, musunga zaka zingati, ndipo atawaonetsa timabotolo take, tosadzadza ndi supuni yomwe, anangoti chabwino sayina.

Chomwe chinandipweteka n'chakuti gulu sumasankha wekha, ngakhale adokotala sasankha, zimakhala ngati maere. Ine mtima wonse unali pa dripi, koma ndinagwera mapilisi. Ndinadandaula zedi, nkumati ndiye ndavutikiranji kusayina zonsezi kuti ndizimwa zomwe aliyense akumwa. Anesi anandikhazika pansi nkundiuza kuti popanda ife a mapilisi palibe poyerekezera, sangadziwe ngati dripiyo ikuthandizadi kapena ayi, ndipo iwonso yankho sakulidziwa, akanalidziwa sakanachita kafukufuku. Apa mpomwe ndinayamba kumwa mapilisi aja mosadumphitsa, nseru kapena ayi.

Ena amati timalowa chifukwa cha ndalama ya transipoti. Inde amabweza, ndipo kabaza siwaulere, koma kukhala pa benchi theka la tsiku uli ndi pakati si ganyu yoti munthu angaisirire.

Mwana anabadwa bwinobwino. Nthawi yomwe ndinkamubayitsa katemera ndinkaganiza za amayi a ku Lilongwe omwe anapereka ana awo pa kafukufuku wa katemera wa malungo, uja Malawi anakhala dziko loyamba kumupereka mu 2019 Ghana ndi Kenya asanayambe. Pempho langa kwa ochita kafukufuku ndi limodzi, zotsatira zikatuluka muzibwera kudzatiuza m'Chichewa, pa benchi pomwe paja munatipeza. Apongozi amandifunsabe kuti magazi aja anapeza chani.