Za Rantanen: mtengo wa wosewera uli pa kontirakiti yake

Mu NHL, ligi yaikulu ya masewera a hockey ya pa ayezi ku America ndi Canada, musanayambe kuwerenga zigoli za wosewera, funsani kaye kuti kontirakiti yake yatsala ndi miyezi ingati. Timu ya Carolina inalumidwa pamenepa. Mu January 2025 inapereka Martin Necas ndi Jack Drury ku Colorado kuti itenge Mikko Rantanen, munthu amene kontirakiti yake inkatha chaka chomwecho, asanavomere kuwonjezera. Atakana kusayina, pa 7 March anamutumiza ku Dallas.

Dallas sinachite zaphuma. Inapereka Logan Stankoven ndi mipata iwiri ya chigawo choyamba cha draft (mwambo umene matimu amasankhira osewera atsopano), koma itagwirizana kale ndi Rantanen zaka 8 pa madola 96 miliyoni. Ndalama zimene zimawerengedwa pa malire a malipiro a timu (ndalama zimene timu singapitirire polipira osewera ake onse pachaka) ndi za kontirakiti yonse kugawa ndi zaka zake, ndiye apa ndi 12 miliyoni pachaka. Malirewo anali 95.5 miliyoni mu 2025-26, kutanthauza kuti munthu mmodzi ankadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8. Ku Texas, kumene kuli Dallas, kulibenso msonkho wa chigawo pa malipiro, choncho m'thumba mwake mumatsala zambiri kuposa ku Carolina.

Chimandidetsa nkhawa ndi kumapeto. Rantanen anasayina ali ndi zaka 28, adzamaliza ali ndi 36, miyendo italemera. Pofuna kudzamugulitsa nthawi imeneyo, timu ingathe kumamulipirabe gawo la malipiro ake, osapitirira theka, ndipo malamulo amalola kutero pa osewera atatu okha nthawi imodzi.