Zikomo nonse amene mwatithandiza kutsegula wailesi ya ophunzira

Loweruka lapitali, 6 koloko m'mawa, kukuzizira monga mmene kumachitira kuno ku Ulónguè mwezi wa Juni, mnzanga anayandikira maikolofoni nati, "Mwadzuka bwanji a ku Angónia?" Mawu ake ankanjenjemera. Ine ndinali pa kompyuta, m'manja muli thukuta ngakhale kunali chisanu chotero. Umu ndi mmene wailesi ya ophunzira a payunivesite pathu inayambira, patatha chaka chathunthu tikugogoda pa makomo a anthu.

Ndiyambe ndi inu amayi ogulitsa mazira pamsika. Tinabwera kudzapempha matireyi akale, inu n'kudabwa kuti ana asukulu akufuna chiyani ndi zotaya. Titakufotokozerani kuti tikhoma m'makoma kuti mawu asamachite phokoso m'chipinda, munatisungira milungu itatu osalandira ngakhale metikali imodzi. Chipinda chija tsopano chakutidwa ndi matireyi anu kuyambira pansi mpaka kudenga. Mudzabwere mudzaone, mayi.

Aphunzitsi athu awiri anatibwereka laputopu ndi kachipinda kosungiramo katundu, ndipo anatiwongolera makalata a Chipwitikizi. Sitinkadziwa kuti kuulutsa pa FM kumafuna chilolezo cha GABINFO, ofesi ya boma yoona zofalitsa nkhani, komanso kuti INCM, bungwe loyang'anira za mauthenga ndi matelefoni, ikupatseni malo anu pamphepo. Ndiwo anatikhazika pansi n'kutilongosolera. N'chifukwa chake panopa tikumveka pa intaneti, ndipo mapulogalamu tikuwatumizanso pa WhatsApp, uku tikukonza mapepalawo mwadongosolo.

Abale amene munatumiza 50, ena 100 meticais pa M-Pesa ndi e-Mola, ena muli ku Tete, ena ku Beira, ndalama zanu ndizo zinagula maikolofoni awiri ndi batire. Batire limenelo latipulumutsa kale: magetsi anazima pulogalamu yoyamba ili pakati, koma sitinaduke. Achimwene olondera pachipata, amene munkatisiyira mbaula usiku tikujambula, Mulungu akudalitseni.

Ena anatifunsa kuti wailesi ina ya chiyani, poti Rádio Moçambique imalankhula kale Chinyanja, ndipo za ku Malawi zimamveka bwino kuno, Dedza ndi Ntcheu zili pafupi. Funso labwino, ndipo ifenso tinakulira wailesi zimenezo. Koma chinkatiwawa n'chakuti timaphunzira zaulimi m'Chipwitikizi, zimathera m'makope, pamene makolo amene amatilipirira sukulu ndi ndalama za mbatatesi akulimbana ndi chiwawu paokha kumunda. Ine ndemwe ndinalephera kuwafotokozera bambo anga zimene ndinakhoza bwino pamayeso. Ndinasowa mawu m'chilankhulo changa chomwe, ndipo zinandikhudza kwambiri.

Tsono Lamlungu madzulo panafika uthenga wa mawu kuchokera ku Dómuè. Anali agogo ena, pa foni ya mdzukulu wawo, kumbuyo kukumveka nkhuku. Anati amva zija tinanena zoti chiwawu chimakonda nyengo yachinyezi ndi yozizira, ndiponso kuti mbewu yochokera m'munda wodwala isabzalidwenso. Kenaka anatidzudzula kuti tikulankhula mothamanga ngati tikuthawa mvula. Tinaumvera kanayi uthengawo, wina akupukuta misozi. Agogo, tamva, tichepetsa liwiro.

Loweruka likubwerali tikamba za anankafumbwe ndi kasungidwe ka chimanga, popeza anthu akolola kumene. Amene muli ndi mafunso, kaya ku Tsangano, kaya ku Macanga, tumizani m'Chichewa chomwechi. Zimene zitikanike tikafunsa aphunzitsi, tidzakuyankhani sabata yotsatira.