Pulogalamu ya ku Dedza itakana kulumikizana ndi seva ya ku Lilongwe

Ndimasamalira makompyuta a bungwe lina la alimi a kachewere pa boma la Dedza. Pulogalamu yolembera malonda ndi ya Java ndipo ili pa kompyuta ya a kalaliki, koma mawerengero onse amachitikira pa seva ku Lilongwe, kudzera pa VPN, njira yotetezedwa yolumikizira makompyuta akutali. Likulu litachotsa JBoss AS 7 yakale, imene inkayendetsa mapulogalamu a Java pa seva, n'kuika yatsopano yotchedwa WildFly, pulogalamu ya malonda ija inangoyamba kulemba kuti "No EJB receiver available". Ma EJB ndi zigawo za pulogalamu zokhala pa seva, zimene pulogalamu ya kuno imaitana. A kalaliki anati, "Achimwene, ndi netiweki imeneyi." Kuno chilichonse chikavuta timathamangira kunena netiweki, koma uthenga umenewu umabwera pa zifukwa zambiri, ndipo kuzisiyanitsa ndiyo ntchito yeniyeni.

Ping, yoyesera ngati makina ena akufikirika, inkayankha bwinobwino, kusonyeza kuti njira ilipo. Nditatsegula fayilo ya jboss-ejb-client.properties ndinapeza port 4447 (port ndi nambala ya khomo lolowera pa seva). Imeneyi ndi ya JBoss AS 7. Kuyambira pa WildFly 8 ya mu 2014, ma EJB amadutsira pa 8080, port yomweyo ya masamba a intaneti. Ndinasintha nambalayo, n'kupempha anzanga a ku likulu anditumizire jboss-client.jar, fayilo yothandiza pulogalamu ya kuno kulankhula ndi seva, ya m'foda ya bin/client ya seva yatsopanoyo.

Apa ndiye pofunika kudekha. Ndinayesa telnet, yogogodera pa port, ku adiresi ya seva pa 8080, ndipo inangokhala duu kwa kanthawi kenako n'kulephera. Kukhala chete kotere kumasonyeza kuti firewall, imene imalondera netiweki, ikutaya mauthenga panjira. Anzanga aja anatsegula 8080, ndipo ndinaumirira kuti atsegulire maadiresi a VPN okha, chifukwa m'menemo muli mayina ndi ndalama za alimi. Nditayesanso inakana pompopompo. Kukana kwachangu ndi nkhani ina: mwafika pakhomo, koma mulibe woyankha odi. Ndinawauza alembe ss -ltn pa seva kuti tione ma port amene ikumvera, ndipo panatuluka 127.0.0.1:8080. Adiresi ya 127.0.0.1 imatanthauza makina omwewo. WildFly ikangoikidwa imamvera makina ake okha. N'chifukwa chake iwo poyesa ali pa seva pomwepo ankaona kuti zonse zili bwino, pamene ife kuno tinali pa mdima. Ambiri amangoyatsa seva ndi -b 0.0.0.0, koma ine sindikonda zimenezo poti zimatsegula mbali zonse. Tinalemba adiresi ya VPN yokha pa interface ya public mu standalone.xml n'kuyatsanso seva.

Chotsatira chinali dzina ndi pasiwedi. Amene anaika seva anapanga Management User, woyendetsera seva pa 9990, ndipo ameneyo saloledwa kuitana ma EJB. Anatsegulanso add-user.sh n'kusankha Application User, ine n'kulemba zomwezo mu fayilo ya kuno.

Chomaliza chinali dzina la EJB. Fayilo ya pulogalamu ya pa seva anaisintha dzina poisamutsa, motero dzina la JNDI, limene pulogalamu ya kuno imapezera EJB, linasinthanso. Musamaliganizire pamutu ayi. Seva imalemba mayina onse mu server.log nthawi imene ikukweza pulogalamu, ndipo mzere wofunika kwa ife akutali ndi woyamba ndi java:jboss/exported. Ndinatengera pamenepo dzina la pulogalamu, la module (gawo la pulogalamuyo) ndi la bean (EJB yeniyeniyo), chilembo ndi chilembo. A kalaliki analowetsa matumba a mlimi amene anali woyamba pa mzere, lisiti linatuluka, ndipo a ku likulu anatsimikiza pa foni kuti nambala yomweyo yaoneka kwawo.